Mnyamata wa m'garaja: pamene malamulo a California anamugwira dzanja, ndi pamene tinachedwa

Ndimagwira ntchito ku ofesi ya maphunziro ya dera lina la ku Central Valley, m'chigawo cha California ku America. Udindo wanga amautchula kuti liaison. Lamulo la dziko lonse la McKinney-Vento, lomwe linayamba mu 1987, limati dera lililonse la masukulu likhale ndi munthu woona za ana osowa pokhala, ndipo kwathu kuno munthuyo ndine. Nkhani ili m'munsiyi ndi ya mnyamata mmodzi amene ndinayenda naye m'chaka cha sukulu cha 2022 mpaka 2023. Sinditchula dzina lake, la sukulu, ngakhale la kaunti (gawo la chigawo, longa boma kwathu). Ndailembera anzanga ogwira ntchito ndi ana, a kuno ndi a kumudzi omwe, chifukwa zambiri zimene zinayenda bwino zinali za papepala, pomwe chinthu chimodzi chimene chinalakwika chinali cha pakalendala, ndipo kalendalayo inali pakhoma la ofesi yanga nthawi yonseyi.

Chiyambi chake

Amene anayamba kuona si ine ayi. Anali mphunzitsi wa zamasewera, amene pakati pa Okutobala anandilembera kuti pali mnyamata wa giredi 12, kalasi yomaliza ya sekondale, yemwe amafika geti lisanatsegulidwe n'kupempha makiyi a bafa la osewera mpira. Sasewera mpira. Amangosamba, n'kuchapa malaya pasinki, n'kuwaumitsa pamakina opukutira manja. Chikwama chake chinali cholemera ngati cha munthu wapaulendo.

Nditatsegula failo yake ndinapeza kuti anabwera kwathu mu Ogasiti kuchokera ku dera lina la masukulu. Anamulembetsa ndi mayi wa mnzake, amene anasaina fomu imene malamulo a California amalola munthu wosunga mwana wa wina kusaina. Malamulo a California, kuyambira ndi AB 27 ya 2021 (AB ndi nambala yake ndi dzina la bilu ya m'nyumba ya malamulo ya chigawo), amati masukulu azifunsa banja lililonse, chaka ndi chaka, za malo amene mwana akugona. Fomu imeneyo inalimo mu failo, ndipo mayi aja anachonga kuti mwanayo ali ndi pokhala pokhazikika. Sanali kunama. M'maganizo mwawo anali atamupatsa pogona, ndiye angalembe bwanji kuti mwana alibe kwawo iwo ali pomwepo?

Apa ndiulule kanthu. Ine wokulira ku Malawi, nditamva koyamba kuti mwana akukhala kwa mayi wa mnzake, mtima wanga sunagunde. Kwathu mwana akasemphana ndi makolo amapita kwa amalume, kwa azakhali, kwa agogo, ngakhale kwa aneba, ndipo palibe amene amati ndi wosowa pokhala. Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Koma kuno mayi wosunga mwana wa wina alibe mudzi womuchirikiza kumbuyo. Ali ndi mwininyumba amene analemba papangano chiwerengero cha anthu ololedwa kugona m'nyumbamo. N'chifukwa chake McKinney-Vento imawerengera mwana wogona kwa ena chifukwa chosowa kolowera ngati wosowa pokhala, ndipo ngati sali m'manja mwa kholo kapena womulera mwalamulo, imamutcha wopanda womuperekeza. Mawu awiri amenewa ndiwo makiyi a zitseko zonse zotsatira.

Ndinamuitana ku ofesi nthawi ya nkhomaliro. Sindinayambe ndi mawu akuti kusowa pokhala, chifukwa achinyamata amawakana mawuwo ngati matenda. Ndinangofunsa kuti, "Dzulo unagona kuti, nanga sabata yamawa ukudziwa kumene udzagone?"

"M'garaja mwa mnzanga, amayi. Muli matiresi. Za sabata yamawa zimadalira ngati mwininyumba sabwera."

Anali ndi zaka 17, ndipo zaka 18 amakwanitsa pakati pa Malichi. Anachoka kwawo mu Julayi. Nditafunsa chifukwa, anati anangosemphana mawu ndi bambo omupeza, iye n'kuona kuti kuli bwino achoke. Kenako anandigwira mawu: "Chonde musaitane a zachisamaliro cha ana. Mukawaitana sindibweranso kusukulu kuno."

Chisankho choyamba: sindinapereke lipoti

Aliyense wogwira ntchito pasukulu ku California amakakamizidwa ndi lamulo kunena akaganizira kuti mwana akuzunzidwa kapena kunyanyalidwa. Koma mu 2013 chigawochi chinakhazikitsa AB 652, yomwe inaika m'buku la malamulo a milandu ndime 11165.15. Ndimeyi imati kusowa pokhala pakokha, kapena kukhala wopanda womuperekeza, si chifukwa chokwanira choperekera lipoti. Cholinga chake n'chabwino: ana ankathawa masukulu ndi malo othandizira poopa kuti akangotsegula pakamwa, galimoto ya boma ifika. Ndinamuwerengera ndimeyi, n'kumuuza kuti pa zimene wandiuzazi sindikakamizidwa kuimba foni, koma akadzandiuza zoti wina anamupweteka, ndidzaimba ndithu. Anagwedeza mutu.

Mpaka lero ndimaona kuti chisankho chimenecho chinali m'malire a lamulo, ndipo n'chimene chinamusunga pasukulu. Cholakwa changa chinali china. Ndinasangalala kuti ndapeza ndime yondimasula, ndipo sindinafunsenso. Mnyamata wa zaka 17 sasiya bedi lake n'kukagona pafupi ndi makina ochapira chifukwa cha kusemphana mawu chabe. Ndinkadziwa zimenezi, koma ndinaopa kuti ndikakumba kwambiri athawa.

Zitseko zimene zinatseguka msanga

Tsiku lomwelo ndinalemba kalata yotsimikiza kuti mnyamatayu ndi wosowa pokhala komanso wopanda womuperekeza. Ndi tsamba limodzi lokha, koma popanda ilo malamulo onse amene nditchule pano amangokhala m'mabuku. Kalatayo inamupatsa chakudya chaulere chakusukulu popanda fomu ya ndalama za makolo, ndi khadi la basi.

Kenako mapepala a umwini. Anachoka kwawo opanda satifiketi yakubadwa, ndipo kubwerera kukaitenga sankafuna n'komwe. Lamulo la AB 1733 la 2014 limalola munthu wosowa pokhala wobadwira ku California kulandira satifiketiyi kwaulere, bola wothandiza wovomerezeka asainire limodzi naye fomu yotsimikiza. Liaison wa sukulu ali m'gulu la ovomerezekawo. Tinatumiza ku kaunti imene anabadwira, ndipo itabwera tinapita nayo ku DMV, ofesi yopereka ziphaso zoyendetsera galimoto ndi zitupa, ndi fomu ya DL 933, yomwe imachotsa malipiro a chitupa. Zinatitengera pafupifupi mwezi. Amene sanayendepo ndi mwana wotere angaone ngati nkhani yaing'ono, koma popanda chitupa palibe ntchito yolembedwa, palibe akaunti kubanki, palibe nyumba ya lendi.

Pa chakudya tinagwiritsa ntchito CalFresh, thandizo la boma logulira zakudya. AB 309 ya 2013 inanena momveka kuti palibe msinkhu wochepetsetsa wopemphera thandizoli kwa mwana wosowa pokhala amene ali payekha. Funso limene linatichedwetsa linali lakuti kodi mayi wa mnzake uja akumulamulira ngati kholo? Akanakhala kuti akutero, mnyamatayo akanawerengedwa m'banja lawo, ndipo malipiro awo akanalowa m'masamu. Mayiwo analemba kalata yonena zoona, kuti amangomupatsa malo, chakudya amadzionera yekha. Analandira madola 281 pamwezi, omwe anali malire a munthu mmodzi chaka chimenecho.

Ankagwira ganyu yotsuka mbale kumalo ena odyera, kulipidwa pamanja, mochepera malipiro ovomerezeka. Mwana wosakwana zaka 18 amafunika chilolezo cha ntchito chochokera kusukulu, ndipo iye ankaganiza kuti popanda siginecha ya mayi ake sangachipeze. Lamulo la maphunziro limalola kuti wosunga mwanayo apemphe m'malo mwa kholo. Atapeza chilolezo ndi chitupa analembedwa ntchito m'sitolo, pamalipiro a madola 15.50 pa ola kuyambira Januwale, osapitirira maola anayi pa tsiku la sukulu.

Nkhani ya makirediti

Apa ndikhalitsapo chifukwa ndi pamene anzanga ambiri amataya ana. Kuno mwana samaliza sekondale ndi mayeso amodzi a dziko lonse monga MSCE. Amasonkhanitsa makirediti phunziro ndi phunziro, ndipo dera lathu limafuna 220. Iye anabwera ndi 125 okha, chifukwa teremu yomaliza kusukulu yake yakale, pamene zinthu zinkavuta kunyumba, anajomba kwambiri ndipo anamulembera ziro m'maphunziro anayi. Mlangizi wa sukulu anali atamuuza kale kuti sangamalize mu Juni, apite kusukulu ya akuluakulu.

AB 1806 ya 2014 inapereka kwa ana osowa pokhala ufulu umene ana a m'chisamaliro cha boma anali nawo kale. Mbali yoyamba ndi yakuti sukulu iwerengere mwana ntchito imene anagwira ngakhale sanamalize teremu. Ndinalembera sukulu yakale ija kawiri, kachitatu ndinaimba foni, ndipo anatumiza makirediti 11 a masabata amene anaphunziradi. Mbali yachiwiri ndiyo yaikulu: mwana wosowa pokhala amene wasintha sukulu atamaliza chaka chachiwiri cha sekondale, ndipo sangathe kukwaniritsa zofuna za dera pa nthawi yake, akhoza kumaliza ndi maphunziro 13 okha amene chigawo chimalamula. Amenewa ndi zaka zitatu za Chingerezi, zitatu za mbiri ndi zachikhalidwe cha anthu, ziwiri za masamu kuphatikizapo aljebra, ziwiri za sayansi, ziwiri za masewera olimbitsa thupi, ndi chimodzi cha luso, chilankhulo china kapena ntchito zamanja. Satifiketi yake ndi yofanana ndi ya wina aliyense.

Sukulu imayenera kudziwitsa mwana za ufuluwu pasanathe masiku 30 chibwerereni. Ife tinaphonya chifukwa cha fomu ija yochongedwa molakwika, koma lamulo limati ufuluwo sutha chifukwa choti sukulu yachedwa.

Sindinamukankhire njira yachiduleyi. Ili ndi mtengo wake: mayunivesite a boma a University of California ndi California State University amafuna maphunziro 15 amene amawatcha A mpaka G, ndipo wotsata njira ya maphunziro 13 sangalowe mwachindunji. Lamulo lomwelo limamulola kukhala chaka chachisanu kuti akwaniritse zonse. Ndinamuyalira zonse ziwiri. Anaseka pang'ono n'kuti, "Amayi, chaka china m'garaja?" Iye ankafuna kuphunzira zamagetsi ku koleji ya m'dera, komwe A mpaka G safunsa. Tinakonza ndandanda ya maphunziro ake mogwirizana ndi zimenezo.

Dzino, ndi zimene zinatuluka m'galimoto

Kumayambiriro kwa Disembala anabwera tsaya litatupa. Kuchipatala cha mano kumene tinapita, wolandira alendo anakana kumulemba popanda kholo. Ndime 6922 ya malamulo a mabanja ku California imati mwana wa zaka 15 kapena kuposa, amene akukhala kosiyana ndi makolo ndipo akudziyendetsera ndalama zake, akhoza kuvomereza yekha chithandizo cha kuchipatala ndi cha mano. Zilibe kanthu kuti makolo analola kuti achoke kapena ayi. Ndimayenda ndi ndimeyi yosindikiza m'chikwama, chifukwa si onse a pawindo amene anaimvapo. Anaitana mkulu wawo, anawerenga, ndipo mnyamatayo analowa.

Dokotala atatuluka anandiuza, mnyamatayo atalola, kuti dzinolo silinabooke ndi shuga. Linasweka ndi chinthu cholimba miyezi ingapo m'mbuyomo.

Pobwerera sindinayatse wailesi. Tili pamaloboti iye anayamba yekha. Bambo omupeza aja anamumenya ndi chibakera usiku wa mu Julayi, ndipo sikanali koyamba. Mayi ake anaima pakhomo la khitchini osanena kanthu, kenako anamuuza kuti achoke kuti m'nyumba mukhale mtendere. Chimene chinamutseka pakamwa miyezi yonseyi chinali mlongo wake wa zaka 6. Ankaopa kuti akanena, boma lidzamuchotsa mwanayo kwa mayi ake, ndipo mlandu udzakhala wake.

Ndinaimika galimoto pambali. "Ukukumbuka zimene ndinakuuza mu Okutobala?"

"Ndikukumbuka, amayi. N'chifukwa chake ndanena lero."

Ndinaimba foni madzulo omwewo iye ali pomwepo, kuti amve mawu alionse amene ndikunena, ndipo lipoti lolemba ndinatumiza m'mawa mwake, mkati mwa maola 36 amene lamulo limapereka. Wofufuza anabwera patapita masiku angapo. Analankhula naye, anapita kwa mayi ake, anaona mlongo wake. Mayiwo anati mwanayo ndi wamwano, anachoka yekha, ndipo khomo ndi lotsegula. Bambo aja anakana zonse. Kumayambiriro kwa Januwale ndinalandira yankho lakuti nkhani yatsekedwa: mnyamatayo ali pamalo otetezeka kwa mnzake, ndipo watsala pang'ono kukwanitsa zaka 18.

Ndinalandira yankholo ngati mawu omaliza. Apa ndi pamene ndinalakwitsa kachiwiri.

Mvula ya Januwale

Amene anali ku California nthawi imeneyo akukumbuka mvula imene inagwa motsatizana kuyambira kumapeto kwa Disembala 2022 mpaka pakati pa Januwale 2023. Madzi analowa m'garaja muja, mwininyumba anabwera kudzaona zowonongeka, n'kupeza matiresi. Anapatsa mayi aja chenjezo lolemba. Mayiwo anandiimbira akulira, akupepesa ngati alakwa, chonsecho anasunga mwana wa eni miyezi isanu ndi umodzi popanda wowapatsa ngakhale khobidi. Masiku awiri otsatira mnyamatayo anagona m'nyumba yochapira zovala yosatseka usiku.

Ndinalingalira zomupezera chipinda cha lendi, popeza anali ndi malipiro. Sizinatheke. Ku California mwana wosakwana zaka 18 sangachite pangano lokhudza nyumba. Akanakhala kumpoto ku Oregon, lamulo la kumeneko limalola wa zaka 16 kapena 17 wokhala payekha kusaina pangano la lendi, ndipo ku Missouri kulinso lamulo lotere la achinyamata osowa pokhala. Mwana yemweyo, vuto lomwelo, koma yankho limasintha ukadutsa malire a chigawo. Njira yopempha khoti kuti limumasule ku ulamuliro wa makolo inalipo, koma imafuna kuti makolo avomereze kapena asatsutse kukhala kwake payekha, ndipo imatenga nthawi imene tinalibe.

Tinapeza bedi kunyumba yogona achinyamata ya m'tauni yoyandikana nayo. Ndime 6924 ya malamulo a mabanja aja imalola mwana wa zaka 12 kupita m'tsogolo kuvomereza yekha kulowa m'nyumba yotere, ngakhale oyang'anira amayesetsa kudziwitsa makolo. Ndalama za boma lalikulu la America, pansi pa lamulo la 1974 la achinyamata othawa kwawo ndi osowa pokhala, zimalipira masiku 21 okha. Koma California, kudzera mu AB 1235 ya 2019, inakweza malire kufika masiku 90, ndipo imalola wa zaka 18 kukhalabe ngati akumaliza sekondale. Zimenezi zinatanthauza kuti tsiku lake lobadwa silimutulutsa panja. McKinney-Vento inamusunga pasukulu yathu ngakhale anasamukira tauni ina, ndipo madera awiri a masukulu anagawana mtengo wa mayendedwe.

Funso la loya

Kunyumba yogona ija kumabwera loya wodzipereka kamodzi pamwezi. Sabata yachiwiri ya Febuluwale anawerenga failo ya mnyamatayo n'kundiimbira.

"Mayi, JV-210 munadzaza liti?"

Ndinakhala chete. Fomuyo ndinali nditaimvapo pamaphunziro ena, koma ndinali ndisanaigwirepo.

Nkhani yake ili motere. Ndime 329 ya malamulo a chisamaliro cha anthu ku California imalola munthu aliyense, ngakhale mwana mwiniwake, kupempha molemba, pa fomu ya JV-210, kuti a zachisamaliro cha ana atengere nkhani ku khoti la ana. Iwo ali ndi masabata atatu oti ayankhe. Akakana kapena akangokhala chete, ndime 331 imalola wopemphayo kupita kwa woweruza ndi fomu ya JV-212 kuti aunikenso chigamulocho. Kutseka kwa wofufuza si mapeto.

Chifukwa chimene loyayo anafunsira mwachangu ndi AB 12, lamulo la 2010 lomwe linayamba kugwira ntchito mu 2012. Wachinyamata amene pa tsiku lokwanitsa zaka 18 ali pansi pa chigamulo cha khoti chomuika m'chisamaliro cha boma akhoza kukhalabe m'chisamalirocho mpaka zaka 21. Sizitanthauza kukhala m'nyumba ya anthu achilendo: akhoza kukhala payekha n'kumalandira ndalama zopitirira madola 1,000 pamwezi, ali ndi womuyang'anira. Amakhalanso pa inshuwalansi ya boma ya zachipatala ya Medi-Cal mpaka zaka 26 mosayang'ana malipiro ake, ndipo akhoza kupempha thandizo la kukoleji la Chafee, lomwe nthawi imeneyo linkafika madola 5,000 pachaka. Zonsezi zimadalira tsiku limodzi. Akakwanitsa 18 khoti lisanamutenge, chitseko chimatsekeka, ngakhale atazunzidwa motani.

Tinali ndi masabata asanu. Tinakhala naye pansi, ine ndi loyayo, n'kumufotokozera zonse, kuphatikizapo kuti nkhani ikapita ku khoti, za mlongo wake zidzafunsidwanso. Anapempha masiku awiri. Atabwera anati tidzaze, ndipo anasaina yekha ngati wopempha. Yankho linabwera kumapeto kwenikweni kwa sabata yachitatu, lokana, pa zifukwa zomwe zija. Loyayo anapereka JV-212 tsiku lotsatira. Ngakhale woweruza akanalamula kuti mlandu utsegulidwe, panafunikabe kudziwitsa makolo, kumva mbali zonse ndi kugamula, zonsezo m'masiku osakwana khumi. Tsiku lobadwa linafika nkhaniyo ili pakati. A kunyumba yogona anamugulira keke.

Sindinganene kuti tikanayamba mu Disembala tikanapambana. Dzino linasweka miyezi isanu m'mbuyomo, mboni panalibe, ndipo mayi ake anaima ndi mwamuna wawo. N'kuthekanso kuti mu Disembala iye akanakana, chifukwa mantha a za mlongo wake anali akadali aakulu. Koma akanakhala ndi masabata 14 m'malo mwa asanu, ndipo chisankho chikanakhala chake, osati cha kalendala. Safunsa anadya phula: loya uja analipo chaka chonse, nambala yake inali pakhoma la nyumba yogona, ndipo ine sindinaganize zoti nkhani ya mwana wa sukulu ikufuna loya.

Chimene ndinasintha pa kagwiridwe kanga n'chaching'ono. Mwana aliyense wopanda womuperekeza wa zaka 16 kapena 17 akalowa m'buku langa, pamwamba pa failo ndimalemba tsiku limene adzakwanitse 18, ndi tsiku lina la miyezi isanu ndi umodzi m'mbuyo mwake. Lisanafike lachiwirilo amakhala atakumana ndi loya, kaya wandiuza za nkhanza kaya sanandiuze, kuti amve kuchokera kwa wodziwa zimene chisamaliro cha boma chingamupatse ndi zimene chingamulande. Funso la chifukwa chochokera kwawo ndimalibwereza pakapita masabata angapo, m'malo osiyana, kawirikawiri m'galimoto, momwe mwana sakakamizika kundiyang'ana m'maso. Ndipo kalata yotseka nkhani ikabwera, tsiku lomwelo ndimaona ngati pakufunika JV-210. Ndime 11165.15 ndimaigwiritsabe ntchito, ndipo ndimaikonda, koma imangondiuza nthawi imene sindikakamizidwa kuimba foni. Siindiuza kuti ndisiye kufunsa.

Zimene zinatsatira

Mu Febuluwale momwemo tinadzaza FAFSA, fomu ya dziko lonse yopemphera thandizo la kukoleji, tsiku la 2 Malichi la thandizo la chigawo lisanakwane. Mwachizolowezi wophunzira wa msinkhu wake amafunika kulemba ndalama za makolo. Kalata yanga ija ya tsamba limodzi inamupanga woima payekha, ndipo anapatsidwa thandizo lonse la boma lalikulu lotchedwa Pell, madola 7,395 a chaka cha 2023 mpaka 2024. Fizi ya koleji ya m'dera, madola 46 pa yuniti iliyonse ya maphunziro, inachotsedwa kudzera mu California College Promise Grant. AB 801 ya 2016 inamupatsa mwayi wosankha makalasi ena asanayambe kusankha, chinthu chofunika m'maphunziro a zamagetsi momwe malo amatha msanga, komanso munthu wa kukoleji woona za ophunzira osowa pokhala. Ndinapita naye kukamuonetsa kwa munthuyo maso ndi maso, chifukwa udindo wanga umathera pa geti la sekondale.

Masiku 90 anatha mu Epulo. Apa panachitika chinthu chimene chimandiseketsa mowawa. Unduna wa nyumba wa boma lalikulu, HUD, uli ndi tanthauzo lake la kusowa pokhala, lopapatiza kuposa la masukulu. Ali m'garaja, kwa ife anali wosowa pokhala koma pa mapulogalamu ambiri a nyumba sankawerengedwa. Atagona m'nyumba ya achinyamata, anawerengedwa. Madzi amene anamuthamangitsa m'garaja ndiwo anamulowetsa pamndandanda. Podikira malo anakhala masabata asanu ndi limodzi kwa banja lina lolandira achinyamata kudzera m'bungwe la m'deralo, lomwe limalipidwa ndi gawo la ndalama za HHAP, thumba la chigawo lothana ndi kusowa pokhala, limene magawo 10 pa 100 alionse amapatulidwira achinyamata. Kumapeto kwa Meyi analowa m'nyumba ya pulogalamu yokonzekeretsa achinyamata kudziimira, momwe munthu amakhala mpaka masiku 540.

Pepala lovomera kumaliza ndi maphunziro 13 anasaina yekha atakwanitsa 18. Anamaliza mu Juni. Pamwambo panabwera mayi wa mnzake uja, mphunzitsi wa zamasewera, ndi ine. Mayi ake omubereka tinawatumizira khadi, sanabwere, koma anatumiza uthenga pafoni yake usiku womwewo, ndipo kuyambira pamenepo amaonana ndi mlongo wake kupaki Loweruka lina lililonse.

Masiku 540 anatha kumapeto kwa 2024, asanakwanitse zaka 20. AB 12 ikanamufikitsa pa 21. Nditalankhula naye komaliza anali akuchita lendi chipinda m'nyumba ya anthu anayi, akugwira ntchito maola 30 pa sabata kwa kontrakitala wa zamagetsi, ndipo anachepetsa makalasi ake kufika awiri pa teremu kuti lendi ikwane. Satifiketi imene akanaimaliza m'zaka ziwiri akuyembekeza kuimaliza m'chaka chachinayi. Dzino lija analizula, ndipo akusunga ndalama zoikitsira lina.